Chindichotsereni Ndulu

Msuweni wanga,

Ndikhulupirira kuti uli bwino kumeneko pamodzi ndi ana. Ine ndilipo, koma kugonaku kwandikwana.

Lero ndi tsiku lakhumi chindichotsereni ndulu. Adokotala ankati ndi timabala tinayi tokha pamimba, pakatha sabata ndidzakhala ndikuthamanga. Bodza lenileni! Ndikafuna kutsokomola, ndimayamba ndakumbatira pilo. Dzulo ndinakhala pa makina anga osokera, kungoponda kawiri, m'mimbamu ngati andibaya ndi sizasi. Diresi la mkwatibwi lili patebulo lopanda manja, chonsecho ukwati wa eniake ndi Loweruka.

Alamu akowa ndiye asanduka apolisi. Mafuta ophikira anabisa, chakudya chilichonse n'chongowiritsa. Ndikangogwira ndowa, amvekere, "Mayi, khalani pansi! Mukufuna akakusokeninso?"

Kuchipatala aimba foni m'mawa uno. Akuti zotsatira za chimene anachotsa chija zatuluka, ndipite Lachinayi, koma ndisapite ndekha. Nditafunsa chifukwa chake, nesi amene anaimbayo anangoti tikakambirana komweko. Alamu ako sindinawauze, ukuwadziwa ndi vuto lawo la mtima lija.

Akakulola kuntchito, ubwere Lachitatu. Amayi anga usawauze kaye.

Ndine msuweni wako,
telala wongokhala