Hutala ya Bambo Yasiya Kulira

Lolemba, 6 Okutobala

Hutala ya galimoto sinalire lero. M'mawa wonse zii.

Ndimati mwina bambo, amuna anga, akugona. Kusoka, kusoka, pokweza mutu dzuwa lili paliwombo. Ndawapeza m'galimoto thukuta kamukamu, botolo la madzi litagwera pansi pa mpando, malovu pachifuwa. Kudina pachiwongolero, palibe.

Chiwagwereni sitiroko mawu anapita, mbali yakumanja inafa. M'nyumba sakhazikika, amangobuula. Amafuna m'pikapu yawo yakaleyi, pamthunzi, moyang'ana msewu. Ndimawakhazika m'mawa, ine n'kukhala pa makina osokera. Makina akamalira sindimva munthu, koma hutala ndimaimva. Kamodzi ndi madzi, kawiri ndi kuchimbudzi, yosalekeza ndiye kuti atsamwa. Adokotala anachita kunena: "Chowopsa ndi kutsamwa, mayi. Asakhale opanda choitanira."

Chala chikupwetekabe. Loweruka hutala inandidzidzimutsa, singano n'kuboola chikhadabo mpaka kutulukira kuseri. Ndinawamwetsa madzi ndi dzanja lomwelo, magazi akudontha pa thalauza lawo.

Lachiwiri, 7 Okutobala

Ndayamba kuikonza ndekha. Zaka zonse zija ndinkawagwirira bambo tochi akamakonza galimoto, ndiye zina ndinatolako.

Batire ili ndi moto. Injini ndimailiza m'mawa uliwonse, nyali zikuyaka. Mafyuzi ndazula imodziimodzi, kuyang'ana padzuwa, palibe yopsa. Ndakwecha dzimbiri pa mawaya a hutala ndi sandipepala mpaka zala kufiira. Ziii. Bambo kumangoyang'ana msewu ngati galimotoyo ndi ya eni.

Ntchito yaima. Kusoka mkono umodzi, kuthamangira panja. Mayunifolomu a sukulu mulu, eni ake akuwafuna.

Madzulo kunabwera alamu, mng'ono wa bambo. "Mlamu, ichi n'chitsulo chabe. Gulitsani, achimwene muziwagoneka m'nyumba." Munthu woti sanawapukutepo ngakhale malovu. Ananena bambo ali pomwepo, ngati sitiroko inatsekanso makutu. Ndinangoti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tiyi sindinawapatse.

Lachitatu, 8 Okutobala

Ndaitana a Mawaya, amagetsi a galimoto, mnzawo wa bambo wakalekale.

Atsegula boneti, atenga waya kuchokera pa batire kugunditsa pa hutala penipeni. Yalira mpaka agalu a m'makomo kuuwa. Ndiye hutalayo ndi yamoyo. Kenako andionetsa kabokosi kakuda kotchedwa rileyi, kamene kamapereka moto ku hutala munthu akadina. "Dinani, mayi, kakuyenera kunena kuti tcha." Ndadina, kali duu. Agunditsa kawaya kake pa chitsulo cha galimoto, tcha, hutala n'kulira. Nakonso kalibe mlandu. Akuti vuto lili pakati pa kabokosiko ndi chiwongolero.

Agona chagada pansi pa chiwongolero, mutu pafupi ndi mapazi a bambo. Apeza pulagi ya waya wa batani itaguluka. Kulowetsa, basi, yalira.

"Galimoto zakale zimaguluka mano ngati ife tomwe," anatero a Mawaya akugwedeza bondo la bambo. Kale bambo akanaseka ndi mbali yamoyoyo. Lero ayi.

Ndapuma. Ndasoka malaya angapo osadzuka.

Lachisanu, 10 Okutobala

Yasiyanso.

Dzulo bambo sanaimbe hutala, ndimati alibe chosowa. Lero ndayesa ndekha, zii. Kugwada, kusuzumira, pulagi yomwe ija ikulendewera.

A Mawaya akanda mutu. "Galimoto yoima siigwedezeka, mayi. Ndipo pulagi iyi ili ndi kadzino, umayamba wakadina kuti ituluke. Khoswe sadziwa zimenezo." Aikulunga ndi tepi yakuda, yambirimbiri.

Ndiye ndani? Mutu wanga wathamangira kwa alamu. Akufuna galimoto ioneke yopanda ntchito. Kapena ana a m'makomomu. Ndakalipira mwana wa eni wosalakwa chifukwa anayandikira tayala. Ndatopa. Msana, chala, maso. Ndatopa zedi.

Lolemba, 13 Okutobala

Tepi yamatulidwa. Pulagi panja.

Alamu sanaponde pano chiyambire Lachiwiri. Geti ndinali nditakhoma.

Ndazindikira powasambitsa bambo. Dzanja lamanzere, lamoyolo. M'zikhadabo muli ulimbo wakuda wa tepi, pamfundo za zala pali timabala tatsopano. Munthu woti kapu imamugwa, wakhala akuwerama mpaka pansi pa chiwongolero, kufufuza kadzino ndi dzanja limodzi. Galimoto iyi amaidziwa waya uliwonse. Ine ndi a Mawaya kuvutika ndi mafyuzi, mwini wake ali phee pambali pathu.

Ndinawafunsa chifukwa. Sanandiyang'ane kumaso. Anagwira chala changa chomanga bandejichi, n'kuchisunga m'dzanja mwawo. Sanachisiye.

Ndinakalipa, Mulungu andikhululukire. "Chala n'chiyani inu? Ndili nazo khumi! Inu ndili nanu mmodzi!" Misozi inatuluka diso limodzi, linalo lili gwa. Ndinawapukuta ndi thaulo, ndinawaveka malaya. Kenako ndinakalirira kubafa, mpopi uli wotsegula.

Lachiwiri, 14 Okutobala

A Mawaya achotseratu pulagi. Alumikiza mawaya ndi mtovu wotentha, awapititsa mkati mwa chikuto cha chiwongolero, amanga ndi masikuluwu. Zoti ndi bambo amaigulula sindinawauze. Anayang'ana zala za bambo, n'kuyang'ana ine. Potuluka pageti anangoti, "Apa sipagulukanso, mayi. Zotsalazo si zamagetsi." Ndalama anakana.

Ndagwira dzanja la bambo, kuliika pa batani, kudina nalo. Yalira bwinobwino. "Mwamva? Muziimba. Olo pakhale popanda chifukwa, muziimba." Nditangolisiya analibweza pamwendo.

Lachinayi, 16 Okutobala

Hutala ndi yabwino. Ndimaiyesa m'mawa, ndimaiyesa masana. Fyuzi, rileyi, waya, zonse zili m'malo.

Sakuimba.

Dzulo ndinawapeza atadzinyowetsera, maso kumsewu. Bambo amene ankasita okha thalauza mpaka mzere kuthwa ngati mpeni. Akulolera zimenezo kusiyana n'kundidzutsa pa makina.

Ndayesa kuwagoneka m'nyumba. Abuula, akana kudya, ndawabwezera. Ndayesa kutulutsa makina panja, chingwe cha magetsi sichikufika, fumbi likudetsa nsalu za eni. Ndiye ndi kusoka msoko umodzi, kuzimitsa, kuthamanga. Mayi wa mayunifolomu wati Loweruka akapanda kutha apereka kwa telala wina. Tikataya ameneyo mankhwala a bambo tigula ndi chiyani?

Ndikanakonda ikanakhala fyuzi. Fyuzi umangosintha.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Ndabwera kudzatenga zovala zawo ndi bulangete. Bambo akadali m'chipatala, chigoba cha mpweya kumaso. Adokotala akuti madzi analowa m'mapapo. "Tiyembekeze, mayi." Mawu awo ndi omwewo tsiku lililonse.

Zinachitika Loweruka lija. Panatsala makolala okha. Ndinati ndimalize iyi, kenako ndinati ndimalizenso ina. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yaitali bwanji. Ndinawapeza atapendekeka, milomo itada, botolo lili lotsegula pamiyendo. Dzanja lamanzere lili pachiwongolero, zala zitagwira m'mphepete. Batani lili pomwepo, pafupi ndi chala chachikulu.

Alamu afunsa kale za makiyi a galimoto.

Mayunifolomu ndinapereka, onse.

Ndisanatseke geti ndinalowa m'pikapu, kukhala pampando wawo. Fungo lawo, sopo ndi mafuta a injini. Kadzenje kamene thupi lawo linakumba pa mpando. Sindikudziwa chinandigwira n'chiyani, ndinadina.

Yalira. Mokweza, bwinobwino, monga a Mawaya analonjezera.

Ndipo miyendo yanga inadzidzimuka yokha, dzanja lili kale pachitseko, kuti ndithamangire kwa iwo.