Dzina Lanu Lokha Ndi Limene Latsala

Chiparamba, 14 Juni

Okondedwa achimwene a Edmund,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Kitweko. Kuno tilipo, chimanga takolola, ngakhale chachepa.

Lachiwiri ndinapita ndi atate kuchipatala ku Chipata, kumbali ya odwala maganizo. Adokotala anawauza mawu atatu oti asunge: njinga, mpando, nthochi. Atawafunsanso, sanakumbuke ngakhale limodzi. Kenako anawapatsa pepala kuti ajambule wotchi. Atate analiyang'anitsitsa, nachonga pakona monga ankachitira ndi makope a ana asukulu, nati, "Wayesetsa, mwanawe." Adokotala anamwetulira. Ine ndinangoyang'ana pansi.

Anandifunsa kuti atate anali munthu wotani asanadwale. Ndinati anali aphunzitsi aukali, osaseka ndi mwana. Sanandikhulupirire msanga, poti masiku ano ndi ofatsa kwambiri. Ndikawapatsa madzi osamba amawomba m'manja n'kunena kuti, "Zikomo mayi, makolo anu anakulerani bwino." Achimwene, ndakhala zaka makumi anayi ndikudikira mawu amenewa. Abwera lero pamene akundiyesa nesi.

Zina zimene adokotala ananena sindingalembe m'kalata. Musadere nkhawa, akudya bwino ndipo mankhwala akumwa. Madzulo amakhala pakhonde n'kumafunsa ngati Edmund waweruka kusukulu. Dzina lanu lokha ndi limene latsala. Munati mudzabwera pa Khirisimasi, koma ngati kuntchito angakuloleni, musadikire Disembala.

Ndine mlongo wanu,
Olipa