Khutu la Bambo a Tadala

Lachiwiri. Tsiku lonyansa, fumbi lokhalokha.

Amuna anga abwera dzulo kuchokera "kumsonkhano wa ku Lilongwe" atagwira khutu lakumanzere, akubuula ngati mwana. Lero m'mawa ndawaperekeza kuchipatala ku Matandani, ine wopusa ndikuwamvera chisoni.

Adokotala awafunsa kuti layamba bwanji. Iwo akuti, "Ndi mphepo ya m'galimoto basi." Adokotala aunikamo ndi katochi, kenako, "Bambo, musandibisire. Munalowa m'madzi akuya?"

Andiyang'ana kaye, koma kuopa kugontha kwaposa kuopa ine. Aulula zonse. Anali kunyanja ku Mangochi. Anawamangirira chithanki cha mpweya kumsana, n'kumira kukaona nsomba. Pobwerera pamwamba, m'makutu munayamba kuthetheka ngati mbuliwuli pamoto. Munthu woopa kuwoloka mtsinje wa Lisungwi madzi akangofika m'mawondo! Mimba yonse ija m'kati mwa chovala cha mphira, ankafuna kudolola ndani?

Adokotala ati ndi mpweya umene unkavutika kutuluka, lipola lokha, asamatokosemo, akaona mafinya abwerenso.

Pobwerera ayamba okha. "Mayi a Tadala, anzanga a kuofesi ndiwo anandikakamiza."

"Anzanu ati? Tchulani dzina."

"Ukuti chiyani? Sindikumva, khutuli."

Ine ndinali kumanja kwawo, kukhutu labwinobwino.

Panopa ali pakhonde, aika thonje m'khutu, akuuza aneba za mphepo ya ku Lilongwe. Foni yawo ailowetsa m'sokosi. Mawa ndipita kwa ankhoswe, kapena ndiyambe ndadikira kuti akasambe, ndione m'fonimo ngati...