Kasitima Kanu Kakuyenda

Lachiwiri, pa 9 Ogasiti. Polemba kalatayi tilipo atatu: ine, apongozi anu aakazi, ndi mlamu wanu amene akundigwirira cholembera.

Akamwini,

Moni. Ife tili monga munatisiyira, kupatula mmodzi.

Kalata yanu tinalandira. Yonse ikukamba za kasitima kanu kachidole, kotengera sitima zamalasha, kamene munasiya pathabwa m'chipinda chanu chogona. Zimene munalamula ndachita. Njanji ndapukuta ndi kansalu kouma. M'chumuni mwake ndadonthezamo mafuta, ndipo ndikayatsa magetsi kamafuka utsi. Sindikukakoketsa mabogi ambiri, popeza mwati munasankha kotchipa ndipo sikachedwa kutentha. Pokhota paja pafupi ndi zenera kamagwa kakathamanga, choncho ndimakayendetsa pang'onopang'ono.

Mwana wanga, amene ndi mkazi wanu, anapempha kuti timuwerengere kalatayo. Atamva yonse anati, "Tembenuzani, bambo, kapena kuseri kuli zina." Kuseri kunali chithunzi cha njanji.

Chimene chimatenthetsa kasitima mumachidziwa bwino. Chimene chaondetsa mkazi wanu simunafunse, ndipo zimene dokotala anatiuza Lachisanu sizolemba papepala. Tsopano sadzuka yekha. Amayi ake afunika kugona pambali pake kuti azimutembenuza, koma malowo anatengedwa ndi thabwa lanu. Mkazi wanuyo akukana kuti tilichotse, akuti mudzakwiya.

Ine sindiphwasula katundu wa mwamuna mnzanga. Pemphani tchuthi kwa abwana anu, mufike mwezi uno usanathe, mudzachotse thabwalo ndi manja anu, iye akuona.

Ndine,
Mpongozi wanu.