Foni yanga imamutsegukira mng'ono wanga

Aphungu,

Ndimagwira ntchito mu saluni limodzi ndi mng'ono wanga. Tinabadwa mapasa, ndipo ngakhale amayi athu amatisokoneza.

Poyamba foni yanga ndinkatsegula ndi chala, koma mankhwala a tsitsi anandidya zala mpaka foni inayamba kundikana ngati mlendo. Ndinasintha kuti izitseguka ndi nkhope. Apa ndiye ndinaziputa, chifukwa mng'ono wangayo akangoiyang'ana imatseguka mwaulemu. Nditazindikira, ndinaika nambala, chaka chimene ndinabadwa. Musandiseke Aphungu, ndinaiwala kuti nayenso anabadwa chaka chomwecho.

Nkhani yagona pa makaniko wa pa galaja yoyandikana nafe, amene wakhala akundifunsira kwa miyezi itatu. Ine ndimamuyankha mwachidule kuti asandione wotchipa. Sabata yatha ndatulukira kuti ndikamaluka kasitomala, foni ili pa chaja, mng'ono wangayo amacheza naye m'dzina langa. Wamulonjeza kale kuti tikumana Loweruka. Nditamufunsa anangoti, "Inu mumachedwa achemwali, ndimakuthandizani." Mnyamatayo ndimamukonda ndipo ndikuopa kumutaya. Kodi loko yolimba ndi iti?

T. K., wa pa saluni

Mwana wanga T. K.,

Ndaseka, pepa, koma ndakumvetsa. Nkhope yako ili ndi eni ake awiri, ndiye imeneyo ichotse lero. Chala ndiye chikanakuthandiza, popeza ngakhale mapasa zidindo za zala zawo zimasiyana, koma ntchito yako yachifafaniza. Nambala zinayi n'zofooka, makamaka za chaka chobadwa. Mafunso achitetezo aja oti amayi ako ndi ndani usawayese n'komwe, mayankho onse akuwadziwa.

Ika pasiwedi yaitali, mawu anayi kapena asanu osagwirizana, amene sanatchulidwepo kwanuko. Usailembe papepala, ndipo usaitayipe pamaso pa galasi la mu saluni. Konzanso kuti mauthenga asamaoneke foni ikakhala yokhoma. Ukatero ukhale naye pansi mng'ono wakoyo, umuuze kuti chithandizo chake chakwana.

Loweruka upite wekha, ukamuuze makanikoyo zoona zake. Koma usanapite, werenga mauthenga onse. Ngati mauthenga amene anamukopa ndi amene analemba mng'ono wako, dziwa kuti pamenepo palibe pasiwedi imene ingakuthandize.

Aphungu