Chimbudzi cha Mabowo Awiri

Romford, London
8 Julaye 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achimwene a Biswick, ndipo mwendo uja wasiya kuvuta. Ine kuno ndili bwino, kungoti ntchito ya kuchipatala siitha. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa zimene ndikufuna kunenazi, pakamwa zingandikanike.

Sabata yatha a Edgar, chibwenzi changa chija, ananditenga kukaona abale awo ku Sweden. Paja mumandidziwa kukonda kutchena: ndinanyamula nsapato zagogoda ndi madiresi atatu. Titatsika ndege tinakwera sitima, kenako basi, kenako kamsewu kafumbi m'nkhalango, mpaka ndinafunsa ngati tasochera. Tinafikira panyumba yamatabwa yofiira, yomangidwa ndi makolo awo kalekale, pamene banja lonse limasonkhana nyengo yotentha.

Mwini khomo ndi azakhali awo, a Gunilla, a zaka 78 koma owaza nkhuni okha. Nditagwada kuti ndiwapatse moni, iwo anayesa ndagwetsa ndolo, nawonso n'kugwada kuti tifunire limodzi. Tinaseka mpaka misozi.

Titamwa khofi ndinafunsa kokadzithandiza, ndipo anandilozera kuseri kwa khola. Amayi inu! Chimbudzi chokumba, ku Ulaya! Chamabowo awiri oyandikana, pambali pali ndowa ya utuchi wothiramo ukamaliza. Nditabwerako a Gunilla anati, "Anamanga bambo anga chimenecho. Anawa akuti ndichigwetse, koma ine ndili moyo, ayi." Ananena monyadira, anthu onse akumva. Masiku anayi tinatunga madzi pachitsime, kukumba mbatatesi, kudyera panja. Nsapato zija sizinatuluke m'chikwama, ndipo ndinasangalala kwambiri.

Tsono nkhani yake ndi iyi. Ndinakuuzani kuti chinkhoswe chikachitikire ku Blantyre kwa amalume, poti a Edgar sangapirire msewu wa kwathu ku Tsangano. Ndinanama, Amayi. Ndinkachita manyazi ndi nyumba yathu, ndi chimbudzi chaudzu chija, pakhomo pamene munatilera nokha bambo atatisiya. Inu munangoti, "Chabwino, mwana wanga," koma ndinamva mmene mawu anu anatsikira. Ndikhululukireni.

M'ndege pobwerera ndinawaululira zonse a Edgar, ndikulira. Iwo anangofunsa kuti, "Nanga chakwanucho n'chamabowo angati?" Munthu ameneyu mudzamukonda.

Tikubwera mu Okutobala, ndipo ngati mungalole, chinkhoswe chichitikire pakhomo panu. A Gunilla akuti asatsale, ayamba kale kuphunzira kugwada. Achimwene asagwetse kanthu, asapake laimu, angosesa pansi pa mpichesi paja kuti alendo adzakhalepo. Amalume ndiwauza ndekha.

Moni kwa onse. Inu musamale mwendowo, kudzakhala kuvina.

Ndine mwana wanu wa pakhomo pomwepo,
Miriam