Dzenje la Achimwene

Pfupajena, Chegutu
17 Novembala, 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino ku Dedzako, ndipo mwendo uja wasiya kukuvutitsani. Ndasankha kulemba kalata chifukwa pafoni mumandidula mawu, ndipo mukangoyamba kulira ine ndimagonja. A Chalo akukwera basi Lachitatu, ndiwo akupatsireni.

Uthenga wanu ndaumva. Mwati ndiwasiye achimwene Trymore akumbe mwamtendere chifukwa ali ndi ana anayi, komanso chibale n'fupa sichiwola. N'zoona. Koma achimwene anakuuzani theka lokha, theka linalo ndi ili.

Bwalo la Pamango mukulidziwa kuposa ine. Ife amene makolo athu anachoka ku Nyasalande tilibe mudzi kuno, mudzi wathu ndi bwalo limenelo. Agogo aamuna ankavinira beni pamenepo, ndipo tenti ya maliro a bambo tinaikhoma pamenepo. Mu Ogasiti wina anatola kamwala kowala pafupi ndi golo ya mpira, ndipo sabata isanathe makorokoza, okumba golide aja, anadzaza pabwalo ndi mapiki. Mitengo iwiri ya mango inagwa ataidula mizu. Mdzukulu wanu Anotida, mwana wanga uja, anagwera m'dzenje pochokera kusukulu n'kuthyoka mkono. Zimenezi achimwene anakuuzani? Dzenjelo linali lawo.

Kudandaula tinadandaula m'maofesi, koma maenje sadikira yankho la kalata. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Azimayi a mumzere mwathu tinatenga mafosholo n'kuyamba kukwirira. Ife tikakwirira m'mawa, iwo masana afukula. Milungu itatu tinachita zimenezi mpaka misana inauma, anyamatawo akungotiseka.

Tsiku lina Mai Obadiya, aja ogulitsa tomato pasiteji ya makombi, maminibasi akuno, anaponya fosholo pansi.

"Ko tikuvutikiranji?" anatero. "Vakomana awa, anyamatawa, atikumbira kale maenje mahara, mwaulere. Ife tingodzalamo mitengo."

Tinasonkha mbande za mango, magwafa ndi mapeyala m'makomo mwathu n'kudzala. Okumba aja anazizula zonse tsiku limodzi, ndipo ine ndinalira ndi mkwiyo. Apa ndivomere, Amayi: nzeru yotsatirayo inali yanga, musamunamizire munthu wina. Anyamatawa tonse timawadziwa, ndi ana a m'mizere momwemu. Ndinadula zitini zakale, ndinagula penti, ndipo dzenje lililonse tinadzalamo mtengo n'kukhomapo dzina la mayi wa amene anakumba.

Woyamba kufika anali Knowledge, mnzawo wa achimwene uja, piki ili paphewa. Anapeza padzenje lake pali gwafa, pachitini palembedwa kuti MAI KNOWLEDGE, ndipo mayi akewo aima pomwepo ndi ndowa ya madzi.

"Dzura tione," anatero mayiwo. "Ndizule ine amako, anthu onsewa akuona."

Knowledge, munthu amene amakonda ndewu kuposa sadza, nsima yakuno, anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kubwerera. Tamva kuti pano akukumba kutchire cha ku Kadoma. Pa maenje makumi awiri ndi atatu, limodzi ndi limodzi ankatha choncho. Udzu wayamba kumera ndi mvula yoyambayi, ndipo ana abwezeretsa golo yawo. Latsala dzenje limodzi.

Inu simuli kuno kuti muime ndi ndowa. Choncho ndinadzala ndekha mango m'dzenje la achimwene, n'kulemba kuti AMAKE TRYMORE, monga mmene Pfupajena yonse imakuitanirani. Sindinakupempheni. Pa ichi chokha ndikupepesa.

Achimwene atawerenga anandilondola kunyumba.

"Iwe Alinesi, unopenga here? Amayi wawaika m'dzenje ali moyo?"

"Dzenje munakumba ndinu, achimwene. Ine ndangoikamo dzina."

Kuzula sanazule, manja anawakanira. Koma mwana wanu mukumudziwa, makani ake ndi a bambo. Ayamba kukumba mozungulira. Tsopano kamtengoko kaima pakachulu kopyapyala ngati mtondo, mizu ikuonekera m'mbali, ndipo mvula yamphamvu ikangogwa kagwera pansi pamodzi ndi dzina lanu. Golide amene apezamo chiyambire sangadzaze kabokosi ka machesi. Alamu anga ndiwo anandiuza, akubisa nkhope.

Ana awo ndimawamvera chisoni, musaganize kuti mtima wanga ndi mwala. Ufa ndimawatumizira, ndipo sindisiya. Koma ana omwewo ndiwo amasewera pabwalopo, ndipo wamng'onoyo wangoyamba kumene kuyenda.

Loweruka likubwerali tikupita azimayi onse ndi mawilibala kukakwirira mozungulira mtengowo. Achimwene akuti akhala m'dzenjemo, tione ngati tiwathire dothi. Sitiwathira. Tikhala m'mbali mwa dzenje ndi mphasa zathu n'kumaimba nyimbo za kutchalitchi mpaka atuluke. Azimayi amene anazolowera kukhala pamaliro masiku atatu sangatope ndi mwamuna mmodzi.

Choncho musandiimbirenso kuti ndisiye, chifukwa ndikukanirani, ndipo kukana inu kumandipweteka. Ngati muli ndi mawu, aimbireni iwowo.

Mundiperekere moni kwa azakhali ndi onse kumeneko. Anotida akuti ndikuuzeni kuti pulasitala amuchotsa ndipo wayambanso kulemba, ngakhale zilembo zikupendekeka. Mai Obadiya akupereka moni wambiri. Moni wa achimwene sindilemba chifukwa sanandipatse, milungu iwiri tsopano akundilambalala panjira.

Ngati dzina lanu pachitinipo lakukhumudwitsani, muwauze a Chalo pobwera. Ndikalifafaniza ndi dzanja langa n'kulembapo langa, kuti achimwene asavutike kuzula. Akazula ndidzalanso, Amayi, ndipo mbande ndili nazo zambiri.

Ndine mwana wanu wokukondani, ngakhale lero sindikukumverani,

Alinesi